KUSALA NKWINA, KUMANIDWA NKWINANSO

Anthu awiri angathe kugona ndi njala usiku umodzi womwewo, koma njala yao nkukhala yosiyana kutalitali. Woyamba wakankha yekha mbale ya nsima pofuna kuchiza thupi lake, kapena kugonjetsa mtima wake. Wachiwiri wachita kulandidwa mbaleyo ndi munthu womposa mphamvu. M'mimba mwa onse awiri mukulira chimodzimodzi, komabe woyambayo timati akusala, pamene wachiwiriyo timati akumanidwa.

Mwezi uno tafuna kuti tilingalire pamodzi za kusiyana kumeneku, pakuti kukukhudza nkhani ziwiri zimene zikumveka m'mabanja mwathu. Yoyamba ndi ya kuchepetsa thupi popunguza zakudya ndi pochita masewera olimbitsa thupi. Yachiwiri ndi ya kuletsa mabuku ena m'sukulu za ana athu. Awerengi ena adzafunsa kuti: kodi mbale ya nsima ndi buku la kusukulu zikumana pati? Yankho ndi lakuti munthu amadya pawiri. Thupi limadyera pakamwa, nzeru zimadyera m'maso ndi m'makutu. Ponse pawiri pali zakudya zomanga ndi zakudya zoononga, ndipo ponse pawiri funso ndi limodzi: kodi woyenera kunena kuti "basi, izi ai" ndani?

Kunenepa m'dziko la njala

Kuno ku mapiri a Dedza makolo athu sankadera nkhawa za kunenepa. Mayi wa ku Mphunzi amati akalawira kudimba, nabwerako ndi mtolo wa nkhuni pamutu, nasinja chimanga mumtondo, nakatunga madzi kutsidya, thupi lake lidali litagwira kale ntchito yonse imene ena lero amachita kukailipirira m'nyumba za masewera m'tauni. Chimene mtundu wathu wakhala ukuopa ndi njala, monga ya mu 1949 imene agogo amasimba, ndi ya mu 2002 imene ambirife tidaiona ndi maso. Nchifukwa chake kunenepa kudasanduka ulemu. Mkazi akanenepa timati mwamuna wake akumsunga bwino. Bambo akatuluka mimba timayamba kumutchula bwana. Kenaka padadza Edzi, imene idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo m'zaka zotsatira kuonda kudasanduka mlandu. Munthu amati akangotsika thupi, manong'onong'o amayambika kuchitsime. Mpaka lero alipo odwala amene adokotala adawalangiza kuti achepetse thupi, koma akuopa pakamwa pa anthu koposa matenda amene ali nao.

Pamene maganizo athu akali pomwepo, moyo wasintha. Chigayo chalowa m'malo mwa mtondo. Ulendo umene tinkayenda pansi, lero tikukwera kabaza. Mbatata ya kachewere imene boma lathu limatchuka nayo, imene kale inkangophikidwa m'madzi, tsopano ikusambira m'mafuta pa chiwaya m'misika monga wa Chimbiya ndi wa Lobi. Mgaiwa tikuunyoza kuti ngwa amphawi, ndipo mlendo tikumlandira ndi chakumwa cha m'botolo chodzaza ndi shuga.

Zotsatira zake zidaoneka pa kafukufuku wa zaumoyo amene boma lidachita mu 2015 ndi 2016. Adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali onenepa kupyola muyeso, pamene ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Kafukufuku wina wa mu 2009, wa Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO, adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Tsono taonani: m'dziko limodzi, mwinanso m'nyumba imodzi, muli wina amene chakudya chikumpweteka chifukwa chachuluka, ndi wina amene chikumpweteka chifukwa chachepa. Kuuza onse awiri kuti adye pang'ono kungakhale kuchiza mmodzi ndi kupha mnzake.

Palibe angasale m'malo mwa mnzake

Mmene thupi limanenepera si zamatsenga ai. Chakudya chimene tadya koma osachigwiritsa ntchito, thupi limachisunga ngati mafuta, monga mlimi asunga chimanga m'nkhokwe. Kuti nkhokweyo itsike, pafunika kuthiramo zochepa ndi kutapamo zambiri. Madokotala amalangiza zinthu zosavuta kumva koma zovuta kuchita: kuchepetsa mitanda ya nsima ndi kuchulukitsa ndiwo zamasamba, nyemba ndi zipatso, kuchepetsa shuga, zokazinga ndi mowa, mchere usapose magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi kakang'ono. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mphindi zosachepera 150 pa sabata, kaya poyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kulima. Munthu wonenepa kwambiri akatsitsako ngakhale makilogalamu asanu okha pa 100 alionse a thupi lake, magazi ndi shuga zimayamba kale kumvera. Koma zimenezi zimatenga miyezi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chifukwa cha kuchedwaku, ambiri amafuna njira yachidule. Ena amagula timasamba ta tiyi ndi timapiritsi tolonjeza kusungunula mimba pa sabata imodzi. Ena amadzikhaulitsa ndi njala yoopsa masiku khumi, kenaka nkubwerera ku mbale ndi ukali woposa kale, thupi nkubwereranso pomwe lidali. Palinso mabanja amene mayi amabisa shuga ndi mafuta kuti bambo asadye. Bamboyo amangomwetulira, nakadya kumsika. Chakudya chabisidwa, koma mtima wolakalaka uli chikhalire.

Pamenepa ndi pamene pagona phunziro loyamba. Kudziletsa ndi khalidwe limene limamera m'kati mwa munthu, ndipo palibe angalichite m'malo mwa mnzake. Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene mbiri imati mwini wakeyo adali munthu wathupi ndithu, adaphunzitsa kuti tchimo la dyera limakhala m'chilakolako chosamvera nzeru. Silikhala m'kukula kwa thupi. Motero tisaweruze abale athu ndi maso: ena nchibadwa cha kumtundu, ena ndi mankhwala amene akumwa, ena ndi matenda. Ndipo amene akuonda popanda chifukwa chodziwika asakondwere, koma athamangire kuchipatala.

Tionenso nzeru za Eklezia pa lamulo la kupunguza kudya. Pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, lamuloli limamanga okhawo amene akwanitsa zaka 18 koma sadakwanitse zaka 59. Kusala nyama kumayambira pa zaka 14. Odwala samangidwa nalo, ndipo palibe wanzeru amene angalamule mayi woyembekezera kapena woyamwitsa kuti agone ndi njala. Lamuloli limayang'ana msinkhu ndi mphamvu za munthu, limanena chifukwa chake poyera, lili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo palibe wapolisi amene amayendera miphika. Tisunge bwino zinthu zinai zimenezi, pakuti tizifuna posachedwa.

Pamene mtundu wonse udamanidwa

Tsopano tiyeni ku mbale ya nzeru. Dziko lathu likudziwa bwino kuwawa kwa kumanidwa mabuku. Mu 1968 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo bungwe limene lidabadwa ndi lamuloli lidaletsa mabuku mazanamazana, manyuzipepala akunja, mafilimu ndi nyimbo. Ena mwa mabukuwo adalidi olaula. Koma pamndandanda womwewo padalinso Animal Farm la George Orwell, nthano ya ziweto zimene zidapirikitsa mwini famu, kenaka nkhumba nkuyamba kulamulira zinzake mwankhanza zoposa za munthu uja. Mulibe zolaula m'bukuli. Mlandu wake udali wakuti mwana wa sukulu, wozolowera nthano za Kalulu ndi Njovu, akadazindikira msanga kuti nkhumbazo zikufanana ndi yani. Chaka chomwecho cha 1968, Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, ndipo ana a kumpoto adamanidwa mabuku a m'chiyankhulo cha amai ao.

Ambiri tikukumbuka za a Jack Mapanje, amene adali mkulu wa gawo la Chingerezi pa Chancellor College ku Zomba. Buku lao la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, lidasindikizidwa ku London mu 1981. Mu 1985 lidachotsedwa m'sukulu, m'malaibulale ndi m'masitolo a mabuku. Mu September 1987 mwini wakeyo adamangidwa natsekeredwa ku ndende ya Mikuyu, kumene adakhala mpaka May 1991 osazengedwa mlandu. Dzanja lozolowera kutsekera buku silichedwa kutsekera munthu.

Ife Akatolika tili ndi chikumbutso chathuchathu. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Mmodzi wa oisaina adali Ambuye Gervazio Chisendera, Episkopi wa Dedza. Mwa zina, kalatayo idadandaula kuti anthu akutsekedwa pakamwa, ndi kuti ufulu wa aphunzitsi ndi ophunzira waponderezedwa. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, kotero kuti kupezeka nayo kudali mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene idasindikizidwa, idaukiridwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko. Koma kalata yoletsedwayo idayenda m'manja ndi m'matumba kufikira kumidzi, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri. M'nyengo ya Lenti imene akhristu ankasala mwa kufuna kwao, adakana kumanidwa mau.

Eklezia ndi mndandanda wake

Mbiri ya Eklezia ili ndi mbali inanso imene iyenera kutchulidwa. Kuyambira mu 1559, nthawi ya Papa Paulo wachinai, kudali mndandanda wa mabuku amene Akatolika sankaloledwa kuwerenga. Cholinga chidali kuteteza chikhulupiriro cha anthu wamba, ndipo ambiri mwa mabukuwo adalidi otsutsa chikhulupiriro. Komabe pamndandandapo padagweranso buku la Galileo, lofotokoza kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa, zimene mwana aliyense wa pulayimale akuphunzira lero. Ngakhale chipembedzo cha Chifundo cha Mulungu, monga adachilembera Sisitere Faustina Kowalska wa ku Poland, chidaletsedwa kuyambira mu 1959 mpaka 1978, mwa zina chifukwa zolemba zake zidamasuliridwa molakwika. Mu 2000 Papa Yohane Paulo wachiwiri adamlengeza kuti ndi woyera, ndipo lero m'maparishi mwathu anthu amapemphera kolona ya Chifundo.

Mu 1966 Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi adathetsa mphamvu ya mndandanda uja ngati lamulo. Potero sadanene kuti buku lililonse ndi labwino. Udindo wopewa zoononga chikhulupiriro ndi makhalidwe udatsala, koma udaikidwa pa chikumbumtima cha mkhristu wophunzitsidwa bwino. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udali utaphunzitsa kuti choona chimalowa mumtima mwa mphamvu yakeyake, osati mwa chikakamizo. Tinganene kuti Eklezia adachotsa loko pa nkhokwe, napatsa ana ake udindo wosala.

Mlandu wovuta wa mu 2017

Zonsezi zikadakhala zosavuta chikhala kuti nkhani ndi ya akuluakulu okha. Koma sukulu ndi ya ana, ndipo mwana sadzisankhira chakudya. Mayi amene amapatsa khanda nyama yolimba, kapena kumsiyira mwana botolo la kachasu ponena kuti ndi ufulu wake, sitimuyamika. Makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana ao, ndipo ali ndi ufulu wofunsa zimene zikuikidwa m'mbale ya anawo. Nkhaniyi ikuvuta maiko ambiri. Ku America, bungwe la alembi la PEN America lidawerenga milandu yoposa 10,000 ya kuchotsa mabuku m'sukulu za boma m'chaka cha maphunziro cha 2023 mpaka 2024. Ku Tanzania, mu 2023, boma lidaletsa m'sukulu mabuku angapo a ana ponena kuti akusemphana ndi chikhalidwe cha dzikolo.

Kwathu kuno mlandu wotere udagwa pakhomo pathu penipeni. Mu 2017 Unduna wa Zamaphunziro udachotsa buku lotchedwa Kusintha Maganizo ndi Nkhani Zina pa mabuku a Chichewa a ku sekondale. Mudali nthano imodzi yokamba za wansembe ndi sisitere ogwa m'tchimo, ndipo Akatolika adadandaula kuti ikunyoza Eklezia pamaso pa ana.

Dandaulolo lidali ndi maziko. Buku la pa silabasi limasiyana ndi buku la mu laibulale. La mu laibulale mwana angathe kulitenga kapena kulisiya, koma la pa silabasi ayenera kulidya, afune asafune, chifukwa mayeso akumdikira. Kusankha mabuku oti ana onse a dziko awerenge ndi udindo, ndipo kusiya buku lina pa chisankhocho sikufanana ndi kumanga mlembi ku Mikuyu. Ndiponso kholo limene likulera mwana wofuna unsembe kapena usisitere silingakondwe kumva anzake a m'kalasi akumseka chifukwa cha nthano.

Komabe pali mafunso amene sitiyenera kuwathawa. Kodi nthano inkapweteka ana, kapena inkapweteka ife akuluakulu? Zaka zapitazi Eklezia wa pa dziko lonse waphunzira ndi misozi kuti kubisa zolakwa za atumiki ake pofuna kuteteza mbiri kumaononga ana koposa kuziulula, ndipo Papa Fransisko adaitana atsogoleri a maepiskopi a maiko onse ku Roma mu February 2019 kudzakambirana za chitetezo cha ana. Nanga nthano zina za m'bukumo, zimene zidalibe mlandu, zidachokeranji pamodzi ndi inzake? Mayi akapeza mwala mumphika wa nyemba amachotsa mwalawo, sataya mphika wonse. Ndipo ife amene kalata yathu idatchedwa youkira mu 1992, tiyenera kukhala omalizira kupempha boma kuti litseke pakamwa pa wina, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene mapanga a Mphunzi akutiphunzitsa

Pa mlandu wotere tili ndi aphunzitsi pafupi. M'mbali mwa phiri la Mphunzi muli miyala ndi mapanga okhala ndi zojambula zakale, gawo la malo 127 a dera la Chongoni amene bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zofiira akatswiri amati nza Akafula, amene adakhala kuno Achewa asadafike. Zoyera nza Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi nyau. Amenewa ndiwo mabuku oyamba a dera lino, ndipo ena mwa mapangawa adali sukulu.

Sitikunena kuti zonse zophunzitsidwa kumeneko zidali zoyenera. Zina Eklezia adazitsutsa, ndipo zina eni mwambo adazisiya okha. Chimene tikufuna kutolapo ndi kachitidwe kake. Makolo ankadziwa kuti si nkhani iliyonse imene iyenera khutu lililonse. Kamtsikana kosatha msinkhu kakafunsa tanthauzo la chojambula, ankakauza kuti kadikire. Koma kudikirako kudali ndi mathero. Tsiku limafika pamene anamkungwi amakhala pansi ndi namwali, namuuza zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti akalowe m'moyo ali ndi maso. Ankachedwetsa chidziwitso pofuna kudzachipereka bwino. Bungwe loletsa mabuku lija linalibe tsiku lotere: nkhalamba ya imvi ndi mwana wa Sitandade 1 onse adali ana osatha msinkhu mpaka imfa.

Phunziro lachiwiri nali. Akatswiri ena a zojambulazi amati zithunzi za nyau zidachuluka m'mapanga m'nyengo imene gule ankaponderezedwa ndi Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda. Choletsedwa sichifa, chimangosamukira kuphanga. Phanga la masiku ano lili m'thumba la mwana wanu. Buku limene lachotsedwa m'kalasi, kumene likadawerengedwa pamaso pa mphunzitsi, mwana angalipeze pa foni usiku, pamodzi ndi zina zoopsa kuposa pamenepo, popanda wamkulu womuunikira. Tabwereranso kwa bambo uja wobisiridwa shuga, amene amakadya kumsika.

Nzeru nazonso zimafuna kukwera phiri

Pochepetsa thupi taona kuti kupunguza kokha sikukwanira. Pafunikanso kugwiritsa ntchito minofu. Mwendo umene sukwera phiri umalobodoka. Chikumbumtima chimodzimodzi. Mwana amene sadakumanepo ndi ganizo lotsutsana ndi la kwao, tsiku limene adzafike ku koleji kapena ku Johannesburg adzagwa ndi mphepo yoyamba. Tomasi Woyera uja, polemba za chikhulupiriro, funso lililonse ankaliyamba ndi kundandalika mfundo za otsutsa, mwachilungamo ndi mwamphamvu, kenaka nkuziyankha. Zaka mazana ambiri iye asadabadwe, Bazilio Woyera adalembera achinyamata achikhristu za mmene angawerengere mabuku a Agriki osapembedza Mulungu woona. Sadawaletse. Adawalangiza kuti atengere njuchi, imene imatapa zofunika m'duwa nkusiya zotsalazo. Njuchi yotsekeredwa mumng'oma siphunzira kusankha maluwa, ndipo uchi sipanga.

Akulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere m'manja. Sadanene kuti mpatse mpeni wakuthwa. Nzeru ya kholo ndi kusiyanitsa nyanga ya nsatsi ndi mpeni. Alipo mabuku ndi zithunzi zimene ndi mpeni ndithu: zolaula zopangidwira kudzutsa chilakolako, ndi zolemba zophunzitsa kudana ndi mtundu wina. Zotere zilibe malo m'sukulu. Koma buku lokamba za tchimo si buku lophunzitsa tchimo. Malembo Oyera omwe sabisa za Davide ndi mkazi wa Uriya, kapena za Petro pokana Mbuye wake.

Tsono pamene buku ladzetsa mkangano pa sukulu, tiyeni tiliyese ndi miyeso inai ija ya lamulo la kusala. Choyamba, msinkhu: kodi tikuti ana a Fomu 1 adikire, kapena tikuti munthu aliyense asalione? Chachiwiri, chifukwa: kodi chanenedwa poyera, ndi anthu amene aliwerenga lonse, mlembi ndi aphunzitsi atamvedwa? Ambiri amene amafuula kuti buku lichotsedwe adangomva tsamba limodzi pa WhatsApp. Chachitatu, nthawi: kodi chigamulocho chingadzaunikidwenso, monga zidachitikira ndi zolemba za Faustina Woyera? Chachinai, chikakamizo: kodi tayesa kukambirana, kufotokozera ndi kuyankha, tisadaitane dzanja la boma? Pamwamba pa zonsezi pali funso limodzi lofunika kuliyankha moona mtima: kodi amene akutetezedwa ndi mwana, kapena ndi munthu wamkulu amene akuopa manyazi?

Njala imene sitiitchula

Pomaliza tibwerere ku chiwerengero chija cha ana opinimbira. Kungakhale kupanda chifundo kulalikira za kuchepetsa thupi kwa mwana amene sadadye chigonere. Momwemonso, pamene tikukangana za buku limodzi, ana ambiri a m'midzi yathu alibe buku nlimodzi lomwe. Ana angapo amaunjikana pa buku limodzi long'ambika, ndipo sukulu zambiri zilibe laibulale. Alipo achinyamata amene amaliza sukulu osagwirapo Nthondo la a Samuel Ntara kapena Kukula ndi Mwambo la a John Gwengwe. Palibe bungwe lidawaletsa. Umphawi ndi mphwayi zathu ndizo zidawamana. Mwana yemweyo, wopanda buku, akukhuta timakanema ta pa foni, totsekemera ngati chakumwa cha m'botolo koma topanda chomanga. Nzeru za ana athu zadwala matenda onse awiri a thupi lathu: kupinimbira ndi kunenepa kopanda mphamvu.

Mankhwala ake ayambire pakhomo. Banja limene lagwirizana kuchepetsa shuga ndi mafuta, lichite zimenezi pamodzi, bambo akhale woyamba, osati kulozerana zala. Amene angathe kuyenda pansi popita ku Misa kapena ku mphakati, asiye kabaza. Ndalama ya zakumwa imene yapulumuka pa mwezi ingathe kugula buku. Mwana akabwera ndi buku lokayikitsa, kholo liyambe laliwerenga, kapena limuuze mwanayo kuti aliwerenge mokweza madzulo, kenaka akambirane: wachita bwino ndani m'nthanoyi, walakwa ndani, iwe ukadatani? Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, tisamangodzuka pofuna kuchotsa. Tidzukenso pofunsa kuti laibulale idzamangidwa liti. Miphakati yathu, imene imatha kusonkha chimanga cha maliro, ingathenso kusonkha bokosi la mabuku.

Ana athu sadzakhala pa mbale yathu mpaka kalekale. Tsiku likudza pamene adzakhala okha pakati pa msika wodzaza ndi zakudya za mitundu yonse, za thupi ndi za nzeru, ife tili kutali kapena tili m'manda. Tsiku limenelo loko wathu sadzawathandiza. Chidzawathandize ndi chimene adachiphunzira pakhomo poona makolo ao: kuyang'ana chinthu, kuchiyesa, ndi kutha kunena ndi mtima wao kuti ichi ndidya, ichi ndisala.